Amene ndinayenda nawo pa Ilala

Ine ndine wakumtunda, wobadwira m'mapiri a ku Dedza, ndipo mpaka kukula madzi aakulu amene ndinkawadziwa anali a mtsinje wa Linthipe ukadzaza m'dzinja. Choncho nditauza a kwathu kuti tchuthi changa ndikathera pa sitima ya Ilala, kuchokera ku Monkey Bay mpaka ku Chilumba, amayi anangofunsa ngati basi zopita kumpoto zinatha. Msuweni wanga wa ku Durban anali atandisimbira za sitima zikuluzikulu za alendo zimene zimanyamuka padoko la kumeneko n'kukazungulira m'mphepete mwa Mozambique, zokhala ndi posambira pamwamba ndi chakudya chosatha, ndipo sindibisa kuti mtima wanga unkalakalaka kulawako moyo wotero. N'chifukwa chake ndinagula tikiti ya pamwamba penipeni, pamene pali bala ndi mipando, ndipo ndinanyamula buku lalikulu loti ndiziwerenga ndikupitidwa mphepo. Bukulo ndinabwerera nalo kunyumba nditangowerenga masamba 12, chifukwa masiku atatu onsewo ndinkangotsika ndi kukwera makwerero a sitima kutsatira anthu.

Tinanyamuka Lachisanu m'mawa, m'mwezi wa July, nyengo imene mwera umawomba osapumira. Mapiri a ku Monkey Bay atangotsala kumbuyo, mseru unandigwira kotero kuti ndinatsika pamwamba paja ndikudzandira ngati wochokera kumowa, ndikuganiza kuti mwina kunsi kugwedezeka n'kochepa. Pansi pa makwerero ndinapeza bambo wachikulire atakhala pa sutikesi yachitsulo, atavala jekete yakuda, tayi ndi chipewa, nsapato zili waliwali ngati akupita ku ukwati. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenaka anati: "Mwana wanga, musayang'ane madzi, yang'anani phiri." Anasuntha pang'ono kuti ndikhale pambali pawo, anatulutsa ndimu m'thumba la jekete, anaidula pakati ndi kampeni, ndipo anandipatsa kuti ndizinunkhiza. Kaya ndi ndimuyo, kaya ndi phirilo, m'mimba munakhazikika.

Agogowa anali a ku Usisya, ndipo ankachokera ku Mangochi kumene anakaona mwana wawo wamkazi. Ndinali nditamvapo kuti Atonga sasewera pa nkhani ya kavalidwe, koma ndinkayesa kuti ndi nthabwala chabe zimene mitundu imanenerana, kufikira nditaona mmene bamboyu ankapukutira nsapato zake ndi kansalu nthawi iliyonse madzi akazithonyera. Anandiuza kuti iwo ndi sitimayo ndi a msinkhu umodzi, popeza onse ndi a 1949. Zoonadi, Ilala inapangidwa chaka chimenecho ndi kampani ya Yarrow kufupi ndi mzinda wa Glasgow ku Scotland, inabwera zidutswazidutswa kudzera padoko la Beira mpaka ku Chipoka, ndipo italumikizidwa inayamba kuyenda panyanja yathu mu 1951. Dzinalo inalowa la Ilala yoyamba imene amishoni a Livingstonia anabwera nayo mu 1875, nayonso inatchedwa potengera dera la Ilala ku Zambia, kumene David Livingstone anamwalirira mu 1873. Zonsezi agogo ankazinena mopanda kudodoma, ngati munthu amene akutchula mayina a makolo ake, ndipo anamaliza n'kunena kuti pa awiriwo, mawondo amene atha msanga ndi awo.

Madzulo ndinawaitanira pamwamba kuti ndiwagulire tiyi, ndipo kumeneko anakumana ndi mayi wina wachizungu, wa imvi mbuu, amene ankayenda yekha ndi kachikwama kakumsana. Mayiyu anali wa ku Scotland komweko, ndipo agogo ake aamuna anagwirapo ntchito yokhoma sitima m'mphepete mwa mtsinje wa Clyde, umene umadutsa mu Glasgow. Sankadziwa ngati dzanja la agogo akewo linakhudzapo Ilala, koma anaona kuti ndi chifukwa chokwanira chobwerera kudzaiona ikadali pamadzi. Awiriwa anakangana mwansangala kwa nthawi ndithu za mwini sitimayo, mayiyo akuti ndi ya kwawo chifukwa ndiko inabadwira, agogo akuyankha m'Chingerezi chawo cha kusukulu ya mishoni kuti mkazi akakhala pabanja zaka zoposa 60 sauzidwanso za kwawo. Mayiyo anaseka mpaka kupukuta misozi, ndipo analemba mawuwo m'kabuku kake.

Ku Nkhotakota tinafika usiku. Pa nthawiyo madoko ambiri a m'njirayi analibe poti sitima n'kukocheza, choncho inkaponya nangula patali ndi gombe n'kutsitsa maboti ake awiri, amene ankapita kumtunda ndi kubwerera maulendo ambirimbiri kufikira munthu womaliza ndi thumba lomaliza zitakwera. Ndinaima m'mbali ndikuonerera mmene matumba a chimanga, mitolo ya malata, njinga, madengu a tomato ndi zitete za nkhuku zinkakwezedwera ndi manja pa kuwala kwa matochi, boti likukwera ndi kutsika ndi mafunde. M'chipwirikiti chimenecho munamveka mawu a mayi mmodzi amene ankaposa injini, akulamula anyamata poika katundu wake, mwana ali kumsana. Atangoponda m'sitima anamasula mbereko, anandiyang'ana kamodzi kokha, ndipo anati: "Achimwene, tandigwirirani mwanayu." Ndisanayankhe, mwana anali m'manja mwanga ndipo mayi ake anali atalowa kale m'chigulu.

Ndinakhala ndi mwanayo pafupifupi ola lathunthu, osadziwa dzina lake ngakhale la amake. Sanalire mpang'ono pomwe, anangogwira batani la malaya anga n'kumaliyamwa, kenaka ndinamva kutentha kukutsika pamimba panga. Amayi amene anayala mphasa pafupi anafa nazo nseko, akuti ndalandira madalitso ndipo chaka sichitha ndisanakhale ndi wangawanga. Mayi uja atabwera sanapepese, ndipo poganiza bwino panalibe choti apepesere. Anangonditambasulira chitenje chouma, anakhala pansi pakati pa matumba ake, n'kuyamba kuwawerenganso kachiwiri.

Mayiyu ndi amene anandiphunzitsa zambiri za nyanja kuposa wina aliyense pa ulendowo. Sukulu anailekera pulayimale, koma thumba lililonse analimanga kansanza ka chitenje chofiira pakamwa pake, ndipo la munthu amene anamutuma analiwonjezera mfundo yachiwiri, kotero kuti ngakhale mumdima ankadziwa lake pongolikhudza. Ankapita ku Likoma ndi ufa, nyemba, tomato ndi kabichi, chifukwa chilumbacho n'chaching'ono, cha miyala ndi mchenga, chodzaza ndi milambe, ndipo minda yake ya chinangwa singadyetse anthu onse okhalapo. Pobwerera ankanyamula usipa wouma wa pathandala kukagulitsa kumtunda. Anandifotokozera kuti wochita geni ya usipa amayang'ana kumwamba asanayang'ane m'thumba la ndalama, pakuti asodzi amakopa usipa usiku ndi nyali, ndipo mwezi ukawala kwambiri nyalizo zimachepa mphamvu, nsomba sizisonkhana, mtengo wa chitini n'kukwera. Mwera nawo ukalimba, mabwato amagona pagombe masiku angapo, ndipo amene anagula msanga ndiye amaseka. Ine amene ndimakhala mu ofesi ndikuwerengetsera ndalama za anthu ena pa kompyuta ndinachita manyazi pang'ono kuona mmene ankaphatikizira mtengo wa tikiti, wa katundu, wa onyamula ndi wa usipa wonyenyeka m'njira, zonse m'mutu, uku akuyamwitsa.

Ku Likoma sitima inaima maola ambiri, popeza ndiko kunkatsika katundu wochuluka, ndipo mapiri a Mozambique ankaoneka pafupi ngati ungawafike ndi bwato nsima isanapse. Potsika, mwana uja anadutsa m'manja mwa anthu anayi kapena asanu, kuchokera pakhomo la sitima mpaka m'boti, aliyense akudikira kuti funde likweze botilo asanamupereke kwa mnzake, ndipo amake sanatembenuke n'komwe chifukwa maso awo anali pa matumba. Nanenso ndinatsika kukaona tchalitchi chachikulu cha St Peter's, chimene amishoni a Anglican anayamba kumanga mu 1903 ndipo chinapatulidwa mu 1911, nyumba yaikulu modabwitsa pa kachilumba kotere. Pobwerera kugombe ndinamupeza mayi uja atayamba kale kugulitsa tomato pamchenga pomwepo. Anandikodola, anandifunsa ngati malaya anauma, ndipo anandithira m'manja usipa wokazinga wokulunga m'pepala, akuti ndi malipiro a ulezi.

Usiku wa Loweruka, titachoka pa Chizumulu kulunjika ku Nkhata Bay, nyanja inakalipa kuposa kale. Anthu ambiri anagona chogundana pansi, ena akupemphera chamumtima, ndipo ine ndinabwerera pa sutikesi yachitsulo ija chifukwa pamwamba mphepo inali yosapiririka. Agogo anali maso. Mwina chifukwa cha mafundewo, anayamba kusimba za Vipya, sitima imene inamira pa 30 July 1946 kufupi ndi Florence Bay, kumene lero timati ku Chitimba, ndipo anthu 145 anatsikira kulichete. Iwo anali asanabadwe, koma anati amayi awo sankatchula dzina la sitimayo mokweza, ndipo mwezi wa July ukafika ankakaniza aliyense wa pakhomo pawo kukwera chilichonse choyandama. Ndinawakumbutsa kuti tili mu July momwemo, ndipo ndinawapempha kuti nkhaniyo aisunge kufikira titaponda mtunda. Anaseka chapansipansi, nati Ilala yaona mwera wa zaka zambiri kuposa amene ndaona ine, ndipo anasintha nkhani.

Imene anaiyamba inali ya ku Joni. Ali mnyamata analembedwa ndi Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito za kumigodi, kupita kumigodi ya golide, ndipo ulendo wochoka kwawo anauyamba pa sitima yomweyi, atanyamula kamtolo ka zovala ndi kondowole wa m'njira. Anandisimbira za chikepe chotsikira pansi pa nthaka, za kutentha kwa kumeneko, ndi za chinenero cha Fanakalo chimene anthu a mitundu yosiyanasiyana ankamvanirana. Mu April 1974 ndege yonyamula ogwira ntchito kumigodi inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo boma la Dr Kamuzu Banda linaimitsa kulemba anthu opita kumigodiko. Agogo anabwerera kwawo kontrakiti yawo itatha, ndi sutikesi yomwe tinakhalirayo, wailesi, ndi jekete ziwiri. Ndinafunsa ngati imene anavalayo inali imodzi mwa izo, ndipo anandiyang'ana ngati ndawanyoza, nati imeneyo ndi yatsopano, ya m'ma 1990. Atakhala chete kwa kanthawi anawonjezera kuti mnzawo wina wa m'mudzi mwawo anali m'ndege ija, ndipo sanapitirize. Ine sindinafunsenso, tinangokhala tikumvetsera injini mpaka magetsi a ku Nkhata Bay ataonekera.

Mayi wa ku Scotland uja anatsikira pa Nkhata Bay, ndipo potsazikana anagwira dzanja la agogo ndi manja awiri monga anaonera anthu akuchitira. M'malo mwake munakwera anthu ena atsopano, ambiri olankhula Chitonga ndi Chitumbuka, pamodzi ndi mnyamata wina amene anakumbatira sola yake ulendo wonse osalola kuti iikidwe pansi, akupita nayo ku Ruarwe, mudzi umene umafikika pamadzi kapena pa wapansi basi. Kumpoto kuno mapiri amatsetsereka molunjika mpaka m'madzi, ndipo ndi chigawo chimenechi chimene nyanja imazama mpaka pafupifupi mamita 700. Chapatali tinkaona nkhungu, tizilombo ting'onoting'ono touluka ta panyanja, zikukwera pamwamba pa madzi ngati utsi wa tchire likupsa, ndipo ndinayesadi kuti ndi moto kufikira agogo atandifunsa kuti chingapse n'chiyani pakati pa nyanja.

Ku Usisya tinafika Lamulungu dzuwa litakwera. Ndinawanyamulira sutikesi mpaka pakhomo la sitima, ndipo inali yolemera kuposa mmene inkaonekera. Anandigwira chanza, anati "Yewo, mwana wangu," anandiuza kuti ndikapereke moni kwa amayi ku Dedza ngati kuti ankawadziwa, kenaka anatsikira m'boti mothandizidwa ndi anyamata awiri. Ndinathamangira pamwamba kuti ndiwaone bwino. Boti litayandikira gombe, pamene madzi amafika m'mawondo, anavula nsapato, anamanga zingwe zake pamodzi n'kuzikoleka m'khosi, anapinda buluku mosamala, ndipo anawoloka pang'onopang'ono dzanja limodzi litagwira chipewa, mdzukulu wawo akubwera pambuyo sutikesi ili pamutu. Atafika pouma anakhala pa sutikesiyo, anasansa mchenga kumapazi, anavala masokosi ndi nsapato, anazipukuta ndi kansalu kaja, ndipo sitima ikuliza hutala yonyamukira ku Ruarwe, iwo anali akukonzabe tayi asanayambe kukwera njira ya kumudzi.