Funso limene landisowetsa mtendere lero

"Aphunzitsi, kafukufuku wathuyu adzayatsa babu la ndani?"

Wandifunsa choncho mnyamata amene ndikumuyang'anira pa digiri yachiwiri, ali chiimire pakhomo la ofesi. Wapeza ntchito kukampani yoika mapanelo a sola, ndipo akufuna kusiyira panjira kafukufuku wathu woona mmene magetsi a dziko lonse angamayendere osazima. Sindikumuimba mlandu. Kumeneko munthu amakhoma mapanelo m'mawa, pofika madzulo nyumba yawala. Kuno timangoti maso pa kompyuta, kuona mizere ikukwera ndi kutsika, kenako n'kudikira miyezi kuti owunika zolemba zathu atiyankhe.

Ndinati, "Takhala pansi kaye, iwe." Ndinayamba kumubwerezera zimene akudziwa kale, mwina ndinkadziuza ndekha. Gridi yambiri padziko (gridi ndi majenereta ndi nthambo zolumikizana zopereka magetsi) imayenda pa frequency ya 50 Hz, kutanthauza kuti magetsi amapita n'kubwerera ka 50 pa sekondi, ku North America 60 Hz. Majenereta akuluakulu a madzi, malasha ndi gasi amazungulira mogwirizana, ndipo ndi zitsulo zolemera zedi. Imodzi ikazima mwadzidzidzi, kulemera kwa zinzakezo kumagwira frequency kuti isagwe msanga, makina ena n'kupeza kamphindi kochitapo kanthu. Sola ilibe chozungulira. Imalowa m'gridi kudzera mu inverter, chipangizo chosintha magetsi a sola kuti afanane ndi a m'gridi, ndipo ma inverter ambiri amangotsatira gridi imene aipeza. Nanga tikachulutsa sola ndi mphepo, majenereta akalewo n'kuwapumitsa, adzagwire frequency ija ndani?

Ndinamukumbutsa za South Australia pa 28 Seputembala 2016. Mkuntho unagwetsa nsanja za nthambo, malo angapo opangira magetsi a mphepo anadzichotsa okha m'gridi chifukwa cha mmene chitetezo chawo chinatcheredwera, nthambo ya Heywood yochokera ku chigawo choyandikana cha Victoria inalemedwa n'kuzima, chigawo chonse mdima bii. Chaka chotsatira anaika batire yaikulu ya 100 MW ku Hornsdale, m'chigawo momwemo. Amene anafufuza mzu wa vutolo ndi anthu oyang'ana mizere ngati ifeyo. Ndinatchulanso za kuzima kwa magetsi ku Spain ndi Portugal pa 28 Epulo 2025.

Anamvetsera mwaulemu. Kenako anati, "Zonsezo ndamva, aphunzitsi. Koma amenewo ndi mavuto a anthu amene magetsi ali nawo kale. Anthu oposa 600 miliyoni padziko alibiretu."

Ndinasowa chonena, chifukwa akunena zoona.

Zina zonse za lero sindikuzikumbuka bwino. Panali msonkhano, ndinakhalapo ndi thupi lokha. Usiku uno ndayesa kuchonga mayeso, zakanika. Chikundipweteka n'chakuti ntchito yathuyi ikayenda bwino palibe amaiona. Magetsi akapanda kuzima, palibe amafunsa kuti achititsa ndani. Ine ndinaisankha ndikudziwa zimenezo ndipo ndimaikonda ndi mtima wonse, koma sindingakakamize mwana wa eni kuti aikonde mmene ndimaikondera ine. Komanso ophunzira akuthwa mutu chonchi akamachoka mmodzimmodzi, adzaphunzitse ndani mawa?

Maganizo andifikira mochedwa, iye atapita kale. Ma mini-grid (timagridi ting'onoting'ono toima patokha) a kumalo kosafika nthambo alibe jenereta yaikulu yoti aitsatire, inverter ndiyo imayenera kukhazikitsa yokha voteji ndi frequency. Funso lake ndi langa zimakumana pamenepo. Mwina tikhoza kusintha mutu wa kafukufuku wake, azigwira ntchitoyo kwinaku akutolera data kumeneko. Kaya komiti ivomera. Kayanso iyeyo akufunadi njira yotsalira, kapena anabwera kudzangotsanzika mwaulemu ine n'kumamuchedwetsa ndi nkhani za Australia.