Loya wa mufilimu ndi khoti lathu

Teremu ino tikuphunzira za makhoti, ndipo aphunzitsi anatituma kuti tikakhale m'khoti la majisitireti kuno ku Mzuzu n'kulemba zomwe taona. Ambiri m'kalasimo za makhoti tidazidziwira m'mavidiyo sho a ku Chibavi ndi Zolozolo. Loya wa mufilimu ya ku America amayendayenda, kuloza mboni chala, kuipanikiza mpaka kulira, kenako n'kutembenukira anthu 12 osankhidwa kuti agamule mlandu. Maola awiri asanathe, wosalakwa watuluka.

Komwe ndidakakhala, woimira boma pa mlandu anali wapolisi. Wozengedwa mlandu analibe loya. Atauzidwa kuti aifunse mboni mafunso, iye anangoyamba kufotokoza mbali yake, mpaka majisitireti kumudula: "Bambo, nthawi yanu yolankhula ikubwera, pano funsani." Womasulira amatembenuza mawu onse, Chingerezi kupita ku Chitumbuka, Chitumbuka kubwerera ku Chingerezi. Mboni ikanena chiganizo chimodzi imadikira kuti cholembera cha majisitireti chiime. Liwiro la mlandu wonse linali liwiro la dzanja limenelo. Poyamba zimagonetsa tulo, koma apilo ikapita ku High Court, jaji amawerenga zolembedwazo, osati nkhope ya mboni.

Sikuti mafilimu amanama pa zonse. Kufunsa mboni mwaluso kumagwetsadi bodza. Chomwe amabisa n'kudikira, chifukwa munthu ali pa rimandi sagulitsa filimu. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino a 1994 limati womangidwa akaonekere kukhoti pasanathe maola 48, auzidwe chomwe wamangidwira m'chilankhulo chomwe akumva, komanso ali ndi ufulu wokhala chete. Belo ya kupolisi ndi yaulere. Wosowa ndalama ya loya atha kupita ku Legal Aid Bureau. Zimenezi ineyo ndazimva m'kalasi, pomwe mawu amene apolisi a ku New York amauza munthu pomumanga ndidawaloweza ndili mwana.

Mlandu womwe udakokadi dziko lonse tidaumvera pa wailesi. Wa chisankho cha 2019 uja udatenga miyezi, maloya akufunsa za mapepala a zotsatira ofufutidwa ndi Tippex, limodzilimodzi, ena mpaka kutopetsa. Pa 3 February 2020 majaji asanu adawerenga chigamulo chamasamba pafupifupi 500 kuyambira m'mawa mpaka usiku, ndipo anthu m'misika ndi m'maminibasi sadatseke wailesi. Panalibe mboni yotulukira mwadzidzidzi pakhomo. Supreme Court idagwirizana nacho mu May, chisankho n'kubwerezedwa pa 23 June.

Lipoti langa ndalemba za womasulira uja, ngakhale anzanga ambiri asankha majisitireti. Liwu limodzi akalitembenuza mopotoka, limalowa m'failo choncho, ndipo wozengedwa wopanda loya sangadziwe n'komwe kuti Chingerezicho chanena zina.