Miyezi inayi ndikumanga miyendo ya nkhosa pa phiri la Ram

Malume anga atamva kuti ndikupita ku Canada, anafunsa kaye ntchito yake. Nditawauza kuti ndi kafukufuku wa nkhosa, anakhala duu kanthawi, kenako anati, "Ndiye zaka zinayi zonse za ku Bunda zija unkaphunzira ubusa?" Ndinaseka, koma pofika Julaye ndinali nditaona kuti sanaphonye kwenikweni.

Nkhosa zake si zoweta ayi. Ndi zamtchire, za m'mapiri a Rocky, zomwe eni dziko amazitcha bighorn chifukwa cha nyanga za mphongo zake, zopindika ngati nkhata. Mphongo yaikulu imapitirira makilogalamu 120, ndipo nyanga zokha zimatha kufika makilogalamu 14. Pa phiri la Ram, m'chigawo cha Alberta, pafupi ndi katauni ka Nordegg, anthu akhala akuzitsata nkhosazi imodziimodzi kuyambira chaka cha 1971. Anaiyamba ntchitoyi ndi a boma la Alberta, ndipo kenako inakula ndi akatswiri a yunivesite ya Sherbrooke ku Quebec, monga Marco Festa-Bianchet. Chilimwe chilichonse pamafunika manja owonjezera, ndipo ine ndinalowera khomo limenelo.

Malo otere simungawapeze m'nyuzipepala. Ndinkayang'ana pa masamba a intaneti a aphunzitsi a m'mayunivesite omwe amafufuza nyama zamtchire, komanso pa tsamba la ntchito zachilengedwe la yunivesite ya Texas A&M ya ku America. Zolengeza zambiri zimatuluka pakati pa Disembala ndi Febuluwale, chifukwa ntchito ya kuphiri imayamba mu Meyi. Mukadzuka mu Epulo, basi yapita.

Kalata yanga yoyamba yofunsira malowo inali yodzaza ndi mawu okoma: ndimakonda chilengedwe kuyambira ndili mwana, ndimalakalaka kuteteza nyama. Mphunzitsi wanga wina anaiwerenga n'kundibwezera. "Aliyense walemba zimenezi. Iweyo manja akowa agwirapo chiyani?" Ndinalembanso. Ndinanena kuti ndinakula ndikugwira mbuzi za agogo pozipatsa mankhwala, kuti ndimadziwa kugwetsa tonde osamuthyola mwendo, kuti pa kafukufuku wanga wa chaka chomaliza ku Nyika ndinadzaza mafomu owerengera nyama kwa milungu ingapo ndipo palibe pepala lomwe linatayika. Zambuzi zija ndinkaziona zamanyazi kuziika m'kalata yopita kunja, koma ndi zomwe eni kafukufukuwo anayambira kundifunsa pa Zoom. Za magiredi sanakhudzeko n'komwe. Anafuna kudziwa ngati ndingakwere phiri tsiku ndi tsiku nditabereka chikwama cholemera, ngati ndingakhale miyezi inayi ndi anthu atatu okha m'kanyumba kamodzi osakangana nawo, ndiponso kuti ndikalakwitsa polemba nambala ndimatani.

Kuvomeredwa ndi chiyambi chabe cha mavuto a mapepala. Ku Canada, ngakhale malipiro akhale ochepa chotani, ntchito ndi ntchito, ndipo imafuna chilolezo chogwirira ntchito, osati viza ya mlendo wongocheza. Kwa ine zinayenda motere: ondiitanawo analembetsa kaye ntchitoyo pa intaneti kwa a zolowa ndi zotuluka n'kulipira madola 230 a ku Canada, kenako ananditumizira nambala. Ndi nambala imeneyo ndinadzaza fomu yanga, ndinalipira madola 155 a chilolezo ndi 85 a kudinditsa zala ndi kujambulitsa. Ndalamazo si zochuluka poyerekeza ndi tikiti ya ndege, koma kuzilipira ndi khadi ya banki ya kwathu kuno, m'nyengo ya kusowa kwa ndalama zakunja, inali nkhondo payokha. Anandipulumutsa ndi msuweni wanga wa ku Johannesburg, yemwe analipira ndi khadi yake ine n'kupereka makwacha kwa amayi ake kumudzi. Muyeneranso kuonetsa chomwe chidzakubwezeni kwanu. Ine ndinaika kalata yosonyeza kuti ndikuyembekezeredwa ku maphunziro ena ndikabwerako.

Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti chilolezo chenichenicho sichibwera ku Malawi. Mumalandira kalata ndi viza m'pasipoti, ndipo pepala la chilolezo amakusindikizirani pabwalo la ndege lomwe mwalowera. Ine ndinadzera ku Addis Ababa n'kukatera ku Toronto, ndipo ndinaliwerenga pepalalo mzere ndi mzere ndisanachoke pa kauntala, kuona dzina, tsiku lothera ndi dzina la ondilemba. Ndi pepala lomwelo mumakatenga nambala ya boma ya ogwira ntchito yotchedwa SIN, yomwe popanda iyo sangakulipireni.

Zovala ndinagula pa kaunjika ku Lilongwe: majekete awiri, majuzi aubweya, magolovesi. Apa ndinachita bwino. Pomwe ndinapusa ndi pa nsapato. Ndinagula zatsopano kutatsala sabata imodzi, ndipo masiku oyamba kuphiri zidendene zanga zinali matuza okhaokha. Gulani msanga, mukwere nazo phiri la Bunda kapena la Nkhoma kangapo mpaka zigonje. Ndipo jinzi isiyeni kunyumba, ikanyowa siuma, imakuyamwani kutentha konse m'thupi.

Tisananyamuke kupita kuphiri, mtsogoleri wa kampu, mtsikana wa ku Quebec yemwe ankachita digiri yaukachenjede, anandifunsa tsiku lomwe ndinakhudza nkhosa kapena mbuzi yoweta komaliza, kenako anatsuka nsapato zanga ndi mankhwala. Ndinamva ngati akundinyoza mpaka atafotokoza. Nkhosa ndi mbuzi zoweta zimanyamula kachilombo kotchedwa Mycoplasma ovipneumoniae, zokha osadwala kwenikweni, koma kakalowa mu gulu la bighorn kamayambitsa chibayo chomwe chimapha zazikulu zambiri, kenako n'kumapululabe ana chaka ndi chaka. Ndinakumbuka za kuchigwa cha Shire, komwe alimi amaopa njati za ku Lengwe chifukwa cha matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi a ng'ombe. Kwathu timaopa kuti zamtchire zidwalitsa zoweta, kumeneko mantha ake ndi otembenuza. Ndinamuyankha kuti "chabwino, madamu", iye n'kuphulika chiseko. Kumuitana ndi dzina lake lokha, ali bwana wanga, kunanditengera milungu iwiri.

Tinafika pa kampu kumapeto kwa Meyi, chipale chofewa chikadali mbuu m'malo ena. Nsonga ya phirili ili pa mamita pafupifupi 2,170, yotsika kwambiri poyerekeza ndi Sapitwa, koma mphepo yake imaboola mafupa. Mu Juni dzuwa limalowa cha m'ma 10 koloko usiku, ndipo thupi langa lozolowera mdima wa 6 koloko linasokonezeka, ndinkagona nditaphimba nkhope ndi juzi.

Mtima wa ntchito yonse ndi khola lamatabwa lomwe lili pafupi ndi kampu. Nyambo yake ndi mchere basi. Udzu wanthete wa m'chilimwe umazipatsa nkhosazi nkhuli ya mchere yoopsa, moti zimabwera zokha, zina zitagwidwapo kale kambirimbiri. Munthu amabisala n'kumayang'anira, zikalowa amatseka chitseko. Kenako mumalowa. Mumaigwira nyanga ndi thupi, kuigoneka chammbali, kuiphimba maso ndi nsalu, kumanga miyendo. Ikangophimbidwa maso imazizira, mumangomva mtima wake ukugunda pansi pa bondo lanu ndi fungo la ubweya wakale womwe ukusosoka m'zigamba. Palibe kulankhula mokweza. Wina amaitchula nambala, wina amalemba, ndipo wolembayo amabwereza mokweza pang'ono zomwe wamva. Timaikweza pa sikelo, timayeza kutalika kwa nyanga ndi kukula kwake patsinde, ndipo ikakhala yaikazi timafinya bere kuona ngati muli mkaka, chifukwa ndi umboni woti yabereka ngakhale mwanayo sitinamuone. Tsiku loyamba ndinaigwira ngati mbuzi ya agogo, ndipo zinathekadi, kungoti mwendo wakumbuyo unandipeza pantchafu ndisanaumange. Chilemba chake chinakhala milungu itatu.

Zazikazi zimavala makolala amitundu ndi zizindikiro zosiyanasiyana, zamphongo zimaikidwa matagi m'makutu popeza khosi lake limakulabe. Ine ndinkangoti ndolo. Kunja kwa khola, ntchito ndi kuyenda ndi kukhala. Mumakwera mpaka pomwe mukuona gulu, kuimika makina oonera patali pa miyendo yake itatu, n'kulemba ndani ali ndi ndani. Ana amabadwa kumapeto kwa Meyi ndi kuchiyambi kwa Juni, ndipo njira yodziwira mayi wa mwana ndi kumuona akuyamwa. Mumatha kukhala maola atatu pamwala wozizira kudikira timasekondi tochepa timeneto. Zinkandikumbutsa chinkhoma cha pa Mulanje, kaimidwe kake pathanthwe popanda mantha, koma chinkhoma simuchidziwa dzina la agogo ake. Apa mumatsegula buku n'kupeza mayi, agogo, ndi agogo a agogowo, ndi kulemera kwa aliyense ali mwana.

Cholakwa changa chachikulu chinachitikira pamenepa. Tsiku lina madzulo, kuwala kukuchepa, ndinaona mwana akuyamwa kwa nkhosa ya kolala yomwe ndinaiona ngati yobiriwira. Ndinalemba motsimikiza. Usiku tikulowetsa mu kompyuta, mtsogoleri uja anaima. Nkhosa imeneyo anaifinya bere masiku anayi m'mbuyomo, munalibe mkaka. Yomwe ndinaiona iyenera kuti inali ya kolala ya buluu yofwifwa ndi dzuwa. Sanandikalipire. Anangondionetsa zomwe mzere umodzi wolakwikawo ukanachita: mwana kupatsidwa mayi wolakwika, nkhosa yosabereka kuwerengedwa ngati yabereka, ndipo wophunzira wina zaka khumi zikubwerazi n'kudzamangapo mfundo zake. Kuyambira tsiku limenelo ndinaphunzira kulemba kuti "sindinaone bwino", mawu omwe kusukulu tinkawaopa ngati kulephera mayeso.

Usiku wina, titamaliza mbale, mtsogoleri uja anandifotokozera chomwe manambala a nyanga aja anaululapo. Kwa zaka zambiri lamulo la ku Alberta linkalola alenje kupha mphongo iliyonse yomwe nyanga zake zapindika kufika magawo anayi mwa asanu a mkombero. Mphongo ya nyanga zokula msanga inkafika pamenepo ili ndi zaka zinayi kapena zisanu, isanakhale mwini gulu n'kubereka ana ambiri. Zotsala kuti zibereke zinali za nyanga zochedwa. Mu 2003, David Coltman ndi anzake anasindikiza m'magazini ya sayansi ya Nature kuti m'zaka pafupifupi 30 nyanga ndi matupi a mphongo za pa phiri la Ram zinachepa. Nkhaniyo inautsa mkangano waukulu, chifukwa ena ankati nyengo ndi kuchuluka kwa nkhosa paphiri zinathandizirapo, ndipo alenje ndi omwenso amaika ndalama zambiri pa kuteteza nkhosazi. Ine ndikuona ngati mbali zonse zili ndi mfundo, koma mkanganowo unatheka kokha chifukwa wina anakhala pansi ndi tepi yoyezera chaka chilichonse osadumphitsa. Gulu la nkhosali linakwerapo kupitirira 200 kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990, kenako linatsika mpaka pafupifupi 40, zilombo zamtundu wa nyalugwe zotchedwa puma zikudya nawo, moti anachita kubweretsa zina kuchokera ku dera lina la Alberta lotchedwa Cadomin kuti magazi asakanikirane.

Za zimbalangondo amayi anga ndi omwe ankadandaula nazo kwambiri. "Mwanangu, usamayende wekha," ankatero nthawi iliyonse ndikapeza netiweki pamwamba pa phiri. Tinkayenda ndi kachitini ka utsi wa tsabola m'chiuno, osati m'chikwama, ndipo m'nkhalango tinkayenda tikulankhula kuti chimve tikubwera. Ndinachionapo kamodzi, patali, chikukumba mizu. Zondisautsa zenizeni zinali udzudzu wa Julaye ndi kusowa nsima. Ufa wachimanga wachikasu womwe ndinaupeza m'tauni ya Rocky Mountain House unaphika chinthu chofanana ndi nsima, ndipo anzanga anadya ndi foloko.

Pa ndalama musayembekezere kulemera. Chakudya ndi pogona zinali zawo, kandalama ka pamwezi kanabweza gawo lina la tikiti, kwina ndinatsala ndi ngongole kwa msuweni uja. Chomwe ndinaonetsetsa ndisanatsike phiri ndi kupempha kalata yondichitira umboni, mtsogoleri akadakumbukira bwino zomwe ndinkachita, ndiponso kufunsa ngati ndingagwiritse ntchito kagawo ka manambalawo pa maphunziro anga, pempho lomwe limayenera kupita kwa eni kafukufuku, osati kungokopera pa fulashi.

Mu Seputembala tinayeza komaliza. Ana omwe anabadwa ndi makilogalamu anayi kapena asanu anali atafika m'ma 25 ndi 30, ndipo kulemera kumeneku ndi komwe kumanena zambiri ngati mwana adzapyole nyengo yachisanu. Mwana ndinamusokonezera mayi uja anali m'gulu la olemera. Nkhosa ya kolala yobiriwira ija, yosabereka ija, sitinaionenso kuchokera pakati pa Ogasiti. Ndinafunsa ngati tiilembe kuti yafa. Mtsogoleri anakana, anati tilembe tsiku ndi malo omwe tinaiona komaliza, zotsalazo adzaona a chaka chamawa. Ndinalemba tsikulo, tinachotsa mchere m'khola, n'kusiya chitseko chili chotsegula.