Zolemba za Lachitatu: mchere, xanthan ndi carbomer patebulo limodzi

Lero ndinakonza zoti ndingopanga gel wa aloe vera wopaka kumaso, koma tsiku lonse lathera pa zinthu zimene timathira m'zodzola ndi m'sopo wamadzi kuti zikhuthale. Ndaona kuti ndi bwino ndilembe madzulo ano zisanandichoke m'mutu, chifukwa funso limene anthu amandifunsa kawirikawiri, lakuti "ndithiremo chiyani kuti zilimbe", silingayankhidwe munthu asanadziwe zimene zili kale mum'phikamo.

M'mawa ndinayamba ndi carbomer, amene ambiri amamudziwa ndi dzina la malonda lakuti Carbopol, lomwe kampani ya B.F. Goodrich inayamba kugwiritsa ntchito m'zaka za m'ma 1950. Ufa wake ndi woyera ndiponso wopepuka kwambiri moti ukatsegula chitini mothamanga umauluka, choncho ndinauwaza pang'onopang'ono pamwamba pa madzi otchezedwa, theka la galamu pa magalamu 100 alionse, n'kuusiya kuti unyowe wokha. Patapita nthawi madziwo anali mbuu koma osakhuthala, ndipo apa ndi pamene oyamba kumene amaganiza kuti awagulitsa ufa wachinyengo. Zoona zake n'zakuti carbomer ndi asidi, ndipo akangolowa m'madzi pH, muyezo umene umatsika asidi akachuluka, imakhala cha m'ma 3, pamene timaunyolo tosaoneka ndi maso timene timapanga ufawu timakhala titadzipinda. Ndinadonthezamo triethanolamine, mankhwala ochepetsa asidi kuti timaunyolo tija titambasuke, dontho limodzilimodzi uku ndikutakasa, ndipo pH itafika pakati pa 6 ndi 7 supuni inayamba kulemera m'dzanja, mbuu uja anatha, n'kutsala gel woonekera mkati amene sanasunthe ngakhale nditapendeketsa kapu. Kusintha kumeneku kumandisangalatsa nthawi zonse, chifukwa ufa wochepetsetsa chonchi ukugwira madzi ochuluka kuuposa maulendo 200.

Komabe gel wokongolayu sanali wa aloe, ndipo ndinamupanga padera mwadala. Carbomer sagwirizana ndi mchere. Ndinatapa pang'ono pa supuni, n'kuwazapo timibulu tochepa ta mchere, ndipo ndikuyang'ana chomwecho gel uja anasungunuka n'kuyamba kudontha. N'chimodzimodzi ndi zimene zimachitika pakhungu: thukuta lili ndi mchere, n'chifukwa chake gel wa carbomer akangopakidwa amasanduka madzi msanga ndipo munthu amamva kuzizirira. Pakhungu zimenezi n'zabwino, koma m'botolo ndi vuto, pakuti madzi a aloe ali ndi michere yachilengedwe imene imafooketsa carbomer, ndipo ukachulutsa aloe umapeza kuti gel sakulimba monga umayembekezera.

Pa aloe ndinasankha xanthan. Ameneyu amapangidwa ndi tizilombo totchedwa Xanthomonas campestris tikamadya shuga m'matanki akuluakulu, ndipo anayamba kufufuzidwa ku Peoria, m'dziko la America, ndi gulu la katswiri wina dzina lake Allene Jeanes, asanayambe kugulitsidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Ubwino wake ndi wakuti saopa mchere, saopa asidi, ndipo safuna kutenthetsedwa. Vuto lake ndi mibulu. Ukamuthira mwachindunji m'madzi, kunja kwa kambulu kalikonse kumafufuma nthawi yomweyo n'kutsekereza ufa wouma m'kati, ndipo ungatakase mpaka mkono kuwawa osaisungunula. Ine ndimayamba ndamusakaniza ndi glycerine, gawo limodzi la ufa pa magawo anayi kapena asanu a glycerine, chifukwa m'menemo safufuma koma amangomwazikana, kenako ndimathira chisakanizocho m'madzi ndikutakasa mwamphamvu. Lero ndinaika magalamu 0.8 pa 100 alionse. Sindikonda kupitirira galamu imodzi, chifukwa akachuluka amatamuka ngati ulimbo pakati pa zala, ndipo akauma pakhungu amafundukuka timizeremizere munthu akadzisisita. Anthu ena amamusakaniza ndi guar, ufa wochokera ku mbewu imene imalimidwa kwambiri ku India ndi ku Pakistan, popeza awiriwa akakumana amakhuthala kuposa mmene aliyense akanachitira payekha.

Chakumasana kunabwera achemwali anga, amene ayamba posachedwa kupanga sopo wamadzi wosambira m'manja, atanyamula botolo limene nditaligwedeza linkangomveka khuvukhuvu. Anandiuza kuti, "Mng'ono wanga, taona zimene zandichitikira. Poyamba sopoyu analimba bwinobwino, ndiye ndinati ndiwonjezere mchere kuti alimbe kwambiri, koma wangosanduka madzi." Ndinawafunsa kuti, "Kodi achemwali, mcherewo munauyeza pasikelo kapena munangotapa?" Anati anatapa ndi supuni, monga anaonera kwa amene anawaphunzitsa. Sindinawaimbe mlandu, chifukwa njira zambiri zimene zimafalitsidwa zimangonena kuti mchere umakhuthalitsa sopo, osanena kuti uli ndi polekezera.

Sopo wawo ndi wa SLES, mankhwala ochotsa litsiro ndi kuchititsa thovu, amene amagulitsidwa ali phalaphala wa mphamvu ya 70 peresenti, nthawi zambiri ndi dzina lakuti Texapon N70. M'madzi, tizigawo ta SLES timasonkhana m'timagulu tozungulira, ndipo popeza mitu yake ili ndi mphamvu yamagetsi yofanana, timakankhana n'kumayenda momasuka. Mchere ukalowa umachepetsa kukankhanako, timagulu tija timatalika n'kuyamba kukolana, ndipo kukolanako ndi kumene ife timakuona ngati kukhuthala. Koma mchere ukapitirira mlingo, timagulu totalika tija timachita nthambi, sitigwirananso monga poyamba, sopo amabwerera kukhala madzimadzi ndipo nthawi zina amachita mbuu. Kawirikawiri nsonga ya kukhuthalako imapezeka penapake pakati pa 1 ndi 3 peresenti ya mchere, koma malo ake enieni amasuntha malinga ndi kuchuluka kwa SLES, kupezeka kwa cocamidopropyl betaine, mankhwala ena othandiza thovu amene amabwera kale ndi mchere wakewake, ngakhalenso mtundu wa mafuta onunkhiritsa. N'chifukwa chake sindikhulupirira njira iliyonse yotchula masupuni a mchere popanda kutchula zina zonsezi.

Tinakhala pansi n'kukonza sopo watsopano wopanda mchere, kenako tinapungula magalamu 100 m'kapu yagalasi. Ndinasungunula magalamu 20 a mchere m'magalamu 80 a madzi, kuti magalamu asanu alionse a madzi amcherewo akhale ndi galamu imodzi ya mchere, ndipo achemwali ndi amene ankathira pang'onopang'ono ine ndikulemba. Poyamba panalibe chooneka. Kenako sopo anayamba kutsalira pa supuni, ndipo atawonjezeranso ankatsika ngati chingwe chosaduka n'kudziunjika kaye pamwamba asanafalikire. Ndinawapempha kuti apitirize ngakhale zinali zitakoma, kuti adzionere okha, ndipo posakhalitsa chingwe chija chinayamba kuduka n'kumagwa madontho. Anangoti, "Ndiye kuti ine ndinadutsa pamenepa osadziwa." Tinagwirizana kuti pa sopo wambiri aziimira pang'ono asanafike pansonga, kuti mafuta onunkhiritsa ndi utoto azithira mchere usanalowe, ndiponso kuti aziweruza kukhuthala sopo atazizira ndipo thovu litatha, pakuti sopo wofunda amaoneka wamadzimadzi kuposa mmene alili. Botolo lawo lija silinatayidwe. Mchere sungachotsedwe, koma ungachepetsedwe mphamvu, choncho tinalisakaniza ndi sopo wopanda mchere uja mpaka linabwerera m'chimake.

Ndinawachenjezanso za chinthu chimodzi chimene chimandidetsa nkhawa. Njira zambiri za sopo wamadzi zimene anthu amagawana n'zokhala ndi sulphonic acid ndi caustic soda, ndipo zimenezo n'zoyenera kutsukira ziwiya ndi kukolopera, osati kusambira. Sopo angakhuthale mokongola koma n'kumaumitsa khungu ndi kuliyabwitsa, chifukwa kukhuthala sikunena chilichonse za kufatsa kwa sopo kapena za mphamvu yake yochotsa litsiro. Ogula amakonda sopo wolimba poganiza kuti sanasukulutsidwe ndi madzi, pamene nthawi zambiri chimene akuyamikira ndi mchere chabe.

Achemwali anafunsanso ngati njira ya mchereyi ingagwire pa sopo amene ine ndimapanga kuchokera ku mafuta ndi potassium hydroxide, mankhwala amene amasandutsa mafuta kukhala sopo. Sopo ameneyu ndi wamtundu wina kotheratu. pH yake imakhala pakati pa 9 ndi 10, ndipo ukayesa kuitsitsa ndi asidi sopoyo amaphwasuka, mafuta n'kuyandama pamwamba. Mchere umathandizako ngati mafuta ambiri anali a olive, koma pa sopo wa mafuta a kokonati suchita kanthu kwenikweni, ndipo ukachuluka umachititsa sopo kulekana ndi madzi. Carbomer wamba sagwira bwino m'menemo chifukwa sopo weniweni nayenso ndi mtundu wa mchere. Chimene ndimadalira ndi hydroxyethyl cellulose, kapena kuti HEC, amene ambiri amamugula ndi dzina lakuti Natrosol. Alibe mphamvu yamagetsi, motero sakangana ndi sopo, ndipo pa 1 peresenti kapena kuposerapo pang'ono amapereka kukhuthala kosalala. Amafufuma msanga m'madzi ofunda kapena a pH yokwera, choncho ndi bwino kuyamba wamumwaza m'madzi ozizira kapena mu glycerine asanakumane ndi sopo. Njira ina yosavuta ndi kungochepetsa madzi osungunulira, kapena kuvomereza kuti sopo wotere ndi wamadzimadzi mwachibadwa n'kumuika m'botolo lopopa thovu.

Madzulo, achemwali atapita, ndinapanga loshoni. Apa nkhani ya kukhuthala ndi ina, chifukwa mbali yaikulu ya ntchitoyi imagwiridwa ndi zinthu zosungunuka m'mafuta. Ndinatenthetsa madzi payekha ndi mafuta payekha mpaka madigiri 70, m'mafutamo muli emulsifying wax wolumikiza madzi ndi mafuta, pamodzi ndi cetyl alcohol 2 peresenti. Dzina lakuti alcohol limaopsa anthu ena, koma ameneyu si wouluka kapena woumitsa khungu. Ndi timibulu toyera tolimba timene timasungunuka cha pa madigiri 49, ndipo timapatsa loshoni thupi loterera bwino. Stearic acid, amene amasungunuka cha pa madigiri 69, amalimbitsa kwambiri koma amachititsa kuti mafuta azikoka pakhungu ndi kusiya zoyera popaka, motero ine ndimamusungira mafuta a kumapazi ndi m'zigongono. M'madzi ndinaikamo xanthan wochepa kwambiri, 0.2 peresenti, osati kuti akhuthalitse koma kuti timadontho ta mafuta tisamayende n'kukumananso. Ndikanakhala kuti ndikugwiritsa ntchito BTMS, amene amaikidwa m'mafuta ofewetsa tsitsi, xanthan sindikanamuika, chifukwa mphamvu zawo zamagetsi n'zosiyana ndipo akakumana amaundana. Phula la njuchi nalonso limalimbitsa, koma palokha silingalumikize madzi ndi mafuta, ndipo loshoni yodalira phula lokha imalekana pakapita masiku.

Kutentha kutatsika kufika pansi pa madigiri 40 ndinathira mankhwala oteteza ku tizilombo, ndipo gel wa aloe uja ndinamuchitiranso chimodzimodzi. Pa mfundo iyi sindinyengerera munthu aliyense. Chinthu chilichonse chokhala ndi madzi chimamera mabakiteriya ndi chuku, ndipo xanthan, guar ndi aloe ndi chakudya cha tizilomboto, makamaka sitachi ndi gelatin zimene anthu ena amathira pofuna kuti zonse zikhale zachilengedwe. Gel akhoza kukhala wolimba, woonekera mkati ndi wosanunkha, koma ali ndi tizilombo tochuluka kale, ndipo akupakidwa pafupi ndi maso kapena pakhungu losweka. Phenoxyethanol, mmodzi wa mankhwala otetezawa, amaloledwa mpaka 1 peresenti m'malamulo a zodzola a European Union, ndipo nthawi zambiri amagulitsidwa atasakanizidwa ndi mankhwala ena omuthandiza kulimbana ndi chuku. Sodium benzoate ndi potassium sorbate amagwira bwino ntchito pokhapokha pH ikakhala yotsika, cha m'ma 5 kapena pansi pake, zimene zimagwirizana ndi xanthan koma zimasemphana ndi carbomer amene amalimba bwino pH ikakwera. Choncho posankha chokhuthalitsa munthu amakhala akusankhanso mankhwala oteteza amene angagwirizane nacho.

Loshoni ya lero ikuoneka yamadzimadzi kuposa mmene ndikufunira, koma sindiwonjezeramo kanthu usiku uno, popeza cetyl alcohol amapitiriza kukhazikika kwa tsiku limodzi kapena awiri loshoni itazizira. Ndalemba pa botolo tsiku, pH ndi muyezo wa chilichonse chimene chalowamo. Lachisanu ndidzaiyesa pa supuni ndi pamkono, ndipo ikadzapezeka yopepukabe, pa ulendo wotsatira ndidzakweza cetyl alcohol kufika pa 3 peresenti osasintha china chilichonse, kuti ndidzadziwe bwino chimene chabweretsa kusiyanako.