Samu ya mapando yandilowa m'mutu tsopano

Anzanga amene tikuphunzira zaulimi, mtima wanga wakhala m'malo pa nkhani ya kutalikirana kwa mbewu. Manambala a chimanga tonse timawadziwa: mizere masentimita 75, mapando masentimita 25, njere imodzi pa phando. Ndiyo Sasakawa imeneyo, dzina lochokera ku pulogalamu ya Sasakawa Global 2000 imene Ryoichi Sasakawa, Norman Borlaug ndi Jimmy Carter anayambitsa mu 1986. Funso limene linkandisowetsa mtendere linali lakuti bwanji 25, osati 20 kapena 40? Ndani anakhala pansi n'kunena kuti chimanga chimafuna malo otere?

Fomula ya chiwerengero cha mbewu ndi iyi: masikweya mita 10,000 a hekitala imodzi muwagawe ndi malo a phando limodzi, kenako muchulukitse ndi njere za pa phando. Ingochitani izi. Werengerani hekitala imodzi pa 75 ndi 25, njere imodzi. Mupeza 53,333. Kenako werengerani hekitala yomweyo pa mizere ya 75, mapando otalikirana 75, njere zitatu pa phando. Mupezanso 53,333. Nambala yomweyomweyo! Nditaona zimenezi pa foni ndinangoti kukamwa yasa. Nthawi yonseyi timamva kuti Sasakawa ndi yabwino chifukwa imachulukitsa mbewu m'munda. Zimenezo n'zoona pokhapokha mukaiyerekeza ndi kalimidwe ka agogo athu ka 90 ndi 90 njere zitatu, kamene kamapereka 37,037. Koma pa mizere ya 75, chiwerengero sichisintha ngakhale pang'ono. Chimene chasintha ndi pamene chimanga chilichonse chaima.

Pitani m'munda wa njere zitatu chimanga chikauma, muzule phando limodzi. Kwathu ku Mkanda minda yotere sisowa. Mupeza mizu itapiringizana moti simungadziwe uwu ndi wa phesi liti. Phesi limodzi lonenepa, lili ndi chimanga chodzadza mpaka kunsonga. Lachiwiri lili ndi kachimanga kofika theka. Lachitatu nthawi zambiri ndi lowonda, lotalika pofunafuna dzuwa, ngayaye inatuluka koma pa phesi palibe choti n'kukolola. Zili ngati ana atatu pa mbale imodzi ya nsima: wamkulu amakhuta, wamng'ono amanyambita zala. Chopweteka n'chakuti pakati pa phando ili ndi linzake pali masentimita 75 a dothi lopanda mwini, pamene udzu ukudya fetereza ndi dzuwa mwaulere. Pa pepala chimanga chilichonse chili ndi malo okwana 0.1875 sikweya mita m'njira zonse ziwiri. Koma m'njira imodzi yokha ndi mmene chimawapezadi malowo.

Mfundo imene yanditsegula maso ndi iyi: poyeza phando sitiyezera njere imene ili m'manja, timayezera mbewu itakula. Cholinga n'chakuti ikafika pachimake, masamba a iyi angokhudzana ndi a inzake, nthaka yonse iphimbike, dzuwa lisagwere pansi pachabe, komanso pasakhale tsamba lokhala mu mthunzi wa linzake tsiku lonse. Ukangogwira chimenechi, tebulo lonse la m'kalasi la mbewu ndi masentimita ake silifunikanso kuloweza. Umangodzifunsa kuti mbewu iyi ikakula imatambasuka bwanji, pamwamba ndi pansi pa nthaka.

Tengani mango. Mamita 10 mbali zonse, ndiye kuti mitengo 100 yokha pa hekitala. Kamtengo komezetsanitsa kochokera ku nazale kamafika m'bondo, ndipo ukakaika m'dzenje n'kuyenda mamita khumi kukakumba lina, umaoneka ngati ukuseweretsa malo. N'chifukwa chake ambiri amathithikanitsa. Zaka zoyamba zimaoneka bwino. Kenako nthambi zimakumana. Mango amachita maluwa kunsonga za nthambi zakunja, kumene dzuwa likuwomba, ndiye mitengo ikagundana zipatso zimatsala pamwamba pokha. Mkati mumakhala chinyezi, mphepo sidutsa, ndipo zipatso zimayamba madontho akuda aja. Munthu akulipira mtengo wa chisankho chimene anachita ali ndi kamtengo ka m'chubu m'manja. Malalanje ndi manachesi amayandikirana kuposa mango chifukwa mtengo wake sutambasuka kwambiri, ganizo lake ndi lomwe lija. Ndipo malo apakatiwo satayika, zaka zoyambirira mumalimamo mtedza, soya kapena nyemba mpaka mthunzi utayamba kukaniza. 

Mtedza ndi umene unandikondweretsa koposa, mwina chifukwa ife a ku Mchinji tinakulira m'menemo. Pa mtedza vuto la anthu silikhala kuthithikanitsa koma kutalikitsa. Mbewu ndi yodula, ndiye munthu amafuna ndowa imodzi ikwane munda wonse, phando apa, lina uko. Pomwe mtedza wa mtundu wa CG7 umafuna masentimita 15 basi, njere imodzi. Pa mzere umodzi wa 75 zimenezo zimapereka 88,889 pa hekitala, ndipo mukabzala mizera iwiri pamwamba pa mzere umodzi, monga alangizi akulimbikitsira masiku ano, chiwerengerocho chimawirikiza kawiri. Chifukwa chake si kuchuluka kokha. Matenda a kadukutu amafalitsidwa ndi nsabwe za m'masamba, ndipo nsabwezo zimakonda kutera m'munda wa patalipatali, momwe masamba obiriwira akuonekera pakati pa dothi lambee. Munda wobzala msanga ndi mvula yoyamba, wophimba nthaka mwachangu, sizitera kwambiri. Taonani, kuyandikirana kwa mapando kwasanduka mankhwala a matenda, popanda kugula botolo lililonse. Chinyezi nachonso chimasungika, udzu umasowa polowera. Ganizo lomwe lija la kuphimba nthaka, kungoti mtedza ndi wamfupi ndiye uyenera kuyandikirana.

Mpunga sitilima kwambiri kuno kupatula m'madambo mwina ndi mwina, ngakhale mtsinje wa Bua umene umathirira sikimu ya mpunga ku Nkhotakota umayambira konkuno ku Mchinji. Komabe mutu wa SRI (System of Rice Intensification, njira yochulukitsira zokolola za mpunga) unandivuta kuukhulupirira mpaka samu ya chimanga ija itandithandiza. Njirayi inachokera ku Madagascar, kwa wansembe wachi Jesuit Henri de Laulanié, m'zaka za m'ma 1980. Mbande imawokeredwa ili yanthete, ya masamba awiri, isanakwanitse masiku 15 pa nazale. Imodzi pa phando, masentimita 25 mbali zonse, ndiye kuti mapando 16 pa sikweya mita. Munda ukangowokeredwa umaoneka ngati mulibe kanthu, matope okhaokha ndi timasamba tobiriwira apo ndi apo. Koma mpunga umabereka ana kuchokera patsinde, ndipo mbande yanthete yokhala payokha imabereka ana ambiri kuposa mbande zokhwima zinayi kapena zisanu zopanikizidwa malo amodzi. Malo opanda kanthu aja ndi a ana amene sanabadwe. Mizere yowongoka mbali zonse imalolanso kupalira chopingasa ndi chotsika, chinthu chosatheka kwa amene anangomwaza mbewu. Madzi nawo sakhala odikha nthawi zonse, amalowetsa n'kuumitsako kuti mizu ipume. Anzathu a ku Kasungu amene anakulira pa nazale ya fodya mbali ya kuwokerayi aimva msanga, poti amadziwa mmene mbande imafookera ikazulidwa mosasamala, ndi chifukwa chake amachepetsa kuthirira kuti ikhwime isanapite kumunda.

Ndiye ine pano ndagwa m'chikondi ndi chingwe. Chingwe wamba, chomangapo zitsekerero za mabotolo pa masentimita 25 aliwonse, zikhomo ziwiri kumapeto. Ndikukhulupirira ndi mtima wonse kuti palibe chipangizo chotchipa chimene chingasinthe zokolola za m'dziko muno kuposa chimenechi. Ikanakhala mphamvu yanga, aliyense wolandira fetereza wotsika mtengo bwenzi akulandira ndi chingwe chomwe, chifukwa NPK ndi Urea wothira pa phando la njere zitatu gawo lake lina limangolimbikitsa mapesi kulimbana. Ndikudziwa zimene anthu amayankha. Mapando 53,333 si masewera poyerekeza ndi 17,778 a njere zitatu, msana umauma, ndipo mvula yobzalira sidikira munthu. Ena amati njere imodzi ikafukulidwa ndi mbewa kapena nkhwali phando latha. Zoona, koma kupakiza kulipo, ndipo mbewu yabwino yogula imamera pafupifupi yonse. Kuwerama masiku owerengeka mu Disembala n'kochepa poyerekeza ndi nkhokwe yothera mu Okutobala. Pamenepa palibe angandisinthe maganizo.

Chimene chimandiwawa n'chakuti samu imeneyi ikanatha kuphunzitsidwa pa mphindi zisanu. Aphunzitsi ena amalowa m'kalasi, kulemba tebulo pa bolodi, chimanga chakuti, soya chakuti, thonje chakuti, koperani, zibwera pa mayeso. Ukafunsa chifukwa, yankho limakhala lakuti akatswiri anafufuza kale. Inde anafufuza, ku malo ofufuzira zaulimi a Chitedze ndi Lifuwu anthu agwira ntchito zaka zambiri, koma ife amene tidzaime pamaso pa alimi tidzawauza chiyani akatifunsa? Mlimi wa zaka makumi asanu sasintha kabzalidwe chifukwa mnyamata wabwera ndi tebulo. Amasintha ukamuzulira phando n'kumuonetsa mizu. Nthawi nayo sitikomera. Mutu wa kubzala timauphunzira dzuwa lili phwee, minda ili fumbi, ndipo mvula ikamagwa timakhala tili pa mayeso kapena tatsekera. Munda wophunzirira umangomera bonongwe. Ndimamvetsa kuti silabasi ndi yaitali ndipo kalasi ndi yodzadza, koma zimandipwetekabe kuti chinthu chosavuta chonchi munthu achitulukire yekha usiku pa foni.

Pali pamene ndaimabe. Samu yonseyi ikuganiza kuti nthaka ili ndi chakudya ndi madzi okwanira mbewu 53,333. Nanga m'dothi la mchenga la madera ena a Kasungu, kwa munthu amene wapeza thumba limodzi lokha la fetereza, kenako ng'amba n'kubwera mu Januwale chimanga chili pafupi kumasula? Kodi pamenepo kuphimba nthaka kumasunga chinyezi, kapena mapesi ochulukawo amangomwa msanga kamadzi kochepako n'kufota onse pamodzi? Mwina 37,037 ya agogo ija inali ndi nzeru yake ya chaka choipa. Ndiponso amayi kwathu sabzala chimanga chokha. M'mizere yomweyo mumalowa maungu, nyemba ndi khobwe, ndiwo za banja lonse mpaka Epulo, ndipo pa masentimita 25 sindikuona pamene dzungu lingayale. Ndikati ndiwerengere malo a mbewu ziwiri zosiyana msinkhu m'munda umodzi, ina yokwera ina yoyanga, fomula ija imandithawa. Amene mwafika kale pa mutu wa kasakaniza, mumawerengera bwanji?