Buku la Willa Cather landigoneka mochedwa

Usiku wathawu ndamaliza kuwerenga My Ántonia, buku la Willa Cather lomwe linatuluka mu 1918, ndipo mtima sunakhazikikebe. M'bukuli, wofotokoza nkhani, Jim Burden, atakula kale, akukumbukira Ántonia, mtsikana wa m'banja lochokera ku Bohemia, ku Ulaya, lomwe linakakhazikika m'zidikha za Nebraska ku America, m'nyumba yochita kukumba m'nthaka. Andikhudza kwambiri ndi bambo ake a Ántonia, a Shimerda, odziwa kuyimba vayolini, omwe anadzipha m'nyengo yozizira yoyamba chifukwa chopukwa kwawo. Cather sathamanga nayo nkhaniyi ayi. Udzu wofiirira uja, mphepo, njala, zonse umachita kuzimva m'thupi. Pomwe Jim akukamupezanso Ántonia patapita zaka 20, mano ena ataguluka, ana ali piringupiringu pakhomo, ine misozi inalengeza m'maso. Abale anga, lipezeni muliwerenge.