Tinapita ku Chingale ndi manyazi a tinsomba tathu

Loweruka lapitali tinanyamuka ku Thyolo kusanache, anthu 9 a kalabu yathu ya ulimi wa nsomba, ulendo wa ku Chingale m'boma la Zomba. Ambiri tinakwera minibasi mitima ili pansi. Chaka chatha tinadyetsa makumba miyezi 8, madeya akutha thumba ndi thumba, koma tsiku lokoka khoka tinavuula tinsomba tosaposa chala. Anzathu asanu anachoka m'gulu sabata yomweyo.

Atatilandira, mayi amene amatsogolera kalabu ya kumeneko sanathamangire kutionetsa damu lokongola. Anayamba watitengera pamene khoma la damu lawo linagumuka ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, nsomba zonse n'kupita ndi madzi. Pomanganso anaika paipi yotulutsa madzi osefukira, m'mbali monse n'kudzala udzu wa vetiva. Apo m'pamene tcheyamani wathu anamasuka kufotokoza zathu.

Mayiwo anangomvetsera, kenako anatuma mnyamata kuti awagwirire kansomba kamodzi. Anakatsegula kukamwa ndi chala. M'katimo munali mazira achikasu thoo!

"Mwaona bambo? Yaikazi ikafungatira mazira m'kamwa sidya. Ikula bwanji? Ndiye anawo akaswa, damu ladzaza, chakudya n'chomwe chija."

Ine ndinangoti kakasi. Ife tinkasangalala poona timbewu tikuchuluka m'damu, tikumati ndi phindu, osadziwa kuti ndi timene tikutipha. Iwo masiku ano amasankha zazimuna zokhazokha n'kuziweta pazokha, chifukwa ndizo zimakula msanga, ndipo anatiphunzitsa kusiyanitsa poyang'ana kumimba. Kunena zoona n'kovuta ndithu, ine ndinaphonya kanayi ndisanakhoze.

Za madzi anationetsa mwachidule. Upise mkono mpaka m'chigongono, ukamaonabe chikhatho ndiye kuti madzi alibe chakudya, thira manyowa a nkhuku kapena a mbuzi mpaka abiriwire. Athu aja anali oyera ngati a pamjigo, ndipo tinkanyadira.

Tinadya nsima ya chambo chootcha pansi pa mtengo wa mango, n'kutsanzikana cha m'ma 3 koloko. M'minibasi tinagwirizana zophwetsa damu Lachiwiri, liume kaye tisanaikemo mbewu ina. Ine andipatsa ntchito yokayendera anzathu asanu aja, ndikawauze za kansomba ka mazira m'kamwa.